Bambo Mbewe, Woyeza Cheza wa ku Armadale

Mwezi uno patha chaka chimwalirireni Bambo Yotamu Mbewe. Sitinachite mwambo waukulu. Mwana wawo Tiyamike analemba uthenga pa gulu lathu la pafoni kuti amene angathe tikumane kumanda Loweruka m'mawa. Anayankha anthu ambiri, koma tinafika anayi. Enawo sindiwanena, ndikudziwa mmene ndandanda wa masiku a ntchito umavutira. Inenso ndinachita kupempha mnzanga kuti tisinthane shifiti. Tinaima pamenepo ntchentche zikutisautsa kumaso, tinaimba ndime ziwiri za nyimbo, Bambo Mwangonde, mkulu wa mpingo wathu, anapemphera mwachidule, basi aliyense ulendo ku galimoto yake.

Pobwerera ndinakumbuka funso limene linavuta pamaliro. Aliyense wokapepesa Tiyamike ankatsitsa mawu n'kufunsa kuti, "Koma si rediyeshoni ija yawatenga?" Tiyamike anakulira kuno ku Perth, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo tsikulo anayankha mpaka kukhosi kunamuuma. Bambo ake unawapha ndi mtima, monga unaphera bambo awo amene sanachokepo ku Ntcheu moyo wawo wonse. Atatopa, analowa kuchipinda n'kutulutsa fayilo yaikulu yobiriwira, n'kuiika patebulo pakati pa makapu a tiyi. Munali mapepala a zaka zonse zimene Bambo Mbewe anagwira ntchito, osonyeza kuchuluka kwa cheza chimene thupi lawo linalandira mwezi ndi mwezi. Sanataye ndi limodzi lomwe. Palibe anatsegula fayiloyo, koma funso lija linathera pomwepo.

Ntchito yawo inali yomweyo, kuyeza cheza, mphamvu yosaoneka ija imene imatuluka m'miyala ngati yureniyamu, imene ife tinkangoitchula kuti rediyeshoni. Anayamba ngati mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale kwathu. Kenako anapita ku South Africa, kumene anaphunzira ntchitoyi n'kulembedwa pa siteshoni yopanga magetsi a nyukiliya kufupi ndi Cape Town. Ankaima potulukira, kuyeza manja, nsapato ndi zipangizo za aliyense wochokera mkati. Ankakonda kusimba mmene anabwezera bwana wina katatu kuti akasambe m'manja, ndipo bwanayo anatha chaka osawapatsa moni. Kuno ku Perth anabwera Tiyamike ali wamng'ono, n'kumagwira pachipatala, mbali imene amachiza khansa ndi chithokomiro pogwiritsa ntchito mankhwala a cheza. Pamene ine ndinkawadziwa anali atapuma kale pantchito, mayi a kunyumba kwawo atamwalira, akukhala okha ku Armadale.

Ndinakumana nawo Lamlungu langa loyamba kutchalitchi kwathu ku Girrawheen, ndili nesi wongofika kumene, mutu uli pa zosaka nyumba. Atamva kuti ndine wa ku Dedza, anandifunsa mfunda wanga, ndipo kuyambira pamenepo sananditchulenso dzina lina.

"Nangozo, tambasulani dzanja."

Anandiika m'manja kanthu kakuda, kolimba, kofanana ndi nsonga ya chala chaching'ono.

"Musaope, aka n'kadothi chabe, n'kophunzitsira. Koma kenikeni, ka yureniyamu, kakangokula chonchi kamatulutsa magetsi oposa malasha odzaza ngolo. Ndiye tandiuzani, phiri lakwanu lija latsala ndi mitengo ingati?"

Ndinangoseka, poganiza kuti ndi nthabwala za akuluakulu. Sindinkadziwa kuti funso limeneli ndidzalimva zaka zonse zotsatira, pa ukwati, pa chinkhoswe, ngakhale pa maliro.

Anali munthu wosachedwa. Sitima yochokera ku Armadale ankakwera yam'mawa kwambiri, ndipo tinkawapeza atakhala pabenchi panja pa tchalitchi, mapeni atatu ali m'thumba la malaya. Posamba m'manja ankatenga nthawi mpaka mzere kumbuyo kwawo unkayamba kung'ung'udza. Msewu sankaoloka pena paliponse koma pa maloboti, ngakhale kulibe galimoto ndi imodzi yomwe. Mawu amene ankadana nawo koposa anali akuti palibe vuto. Ukawayankha choncho ankakufunsa kuti wayeza liti, ndipo wayeza ndi chiyani. Ankati munthu wonena kuti palibe vuto asanayeze ndi woopsa kuposa yureniyamu, chifukwa yureniyamu sanama, ukamuyandikira ndi choyezera amadziulula yekha. Ankatinso ngozi zazikulu zimene anthu amatchula, ya ku Ukraine ndi ya ku Japan, anaziwerenga mpaka kuloweza, ndipo paliponse ankapezamo munthu amene anadziwa kanthu koma osamveredwa, kapena amene anachita mantha kunena.

China chimene chinkawapweteka mtima ndi mawu akuti zinyalala za nyukiliya. Ankafotokoza za amayi awo, kuti akatha kuphika ankathira madzi pa makala otsala pambaula, n'kuwayanika kuti adzakolezere mawa. Ankati mafuta a nyukiliya otulutsidwa mu siteshoni ali ngati makala amenewo: amaoneka ngati atha, chikhalirecho mphamvu yambiri ikadali momwemo. Amayamba awasunga m'madzi kuti azizire, kenako mayiko ngati France amawasungunula, n'kupatula zimene zingayakenso, n'kupanganso mafuta ena. Zotsala zenizeni, zimene n'zoopsadi, amazisakaniza ndi galasi kuti zikasungidwe pansi penipeni. Ankati munthu wotaya makala osapsa n'kupita kukadula mtengo wina, amayi awo akanamuthamangitsa kukhitchini.

Womvetsera wawo wamkulu, amenenso anali mdani wawo wamkulu pa nkhaniyi, anali Bambo Mwangonde. Iwowa ndi a ku Karonga, ndipo amasamalira okalamba pa nyumba ina ku Perth kuno. Mkangano wawo unkayamba mapemphero akangotha, tiyi asanazizire.

"A Mbewe, miyalayo anakumba kwathu, osati kwanu. Malole ankadutsa pakhomo pa amayi anga atanyamula yureniyamu wanuyo. Amayi angawo mpaka lero akuunikira tochi."

"N'chimene ndikunena ine! Tinagulitsa nkhuni n'kugona ndi njala."

"Ayi, musathawe. Dziko loti mlatho ukakokoloka papita zaka usanakonzedwe, inu mukufuna mulipatse chinthu choti chilonderedwe mpaka zidzukulu za zidzukulu zathu? Adzalondera ndani?"

"Nanga utsi wa makala wapha azimayi angati kwanu? Munawawerenga? Kapena chifukwa amafa mmodzimmodzi ndiye kuti si ngozi?"

Zinkatero mlungu ndi mlungu. Ife tinkatola makapu n'kuwasiya. Tsiku lina Bambo Mwangonde anapsa mtima n'kuwatchula kuti wogulitsa poizoni, ndipo anatha mwezi osalankhulana. Koma inali nthawi ija njanji ya ku Armadale inatsekedwa, anthu akuvutika ndi mabasi, ndipo mwezi wonsewo Bambo Mwangonde ankawaperekezabe pagalimoto mpaka pakhomo, ulendo wautali, aliyense atayang'ana windo lake.

Bambo Mbewe ankalembanso makalata. Akamva kuti kwathu kwasintha akuluakulu oona za magetsi, ankakhala pansi n'kulemba masamba ambirimbiri: siteshoni yaing'ono ingamangidwe pati, madzi oziziritsira angachokere kuti, achinyamata oyamba atumizidwe kuti kukaphunzira, mayiko oyandikana nafe angagwirizane bwanji. Ankandipatsa kuti ndiwerenge ngati muli zolakwika, ngakhale theka la zolembazo sindinkalimva. Yankho linabwerapo limodzi, lowathokoza chifukwa chokonda dziko lawo. Analisunga. Za kuno ankangopukusa mutu: yureniyamu ali mbwee m'chipululu kumtundaku, koma malamulo salola siteshoni ya magetsi a nyukiliya. Andale a kuno atayamba kukangana za nkhaniyi pa wailesi ya kanema, tinkaganiza kuti asangalala. Anangoti mbali zonse ziwiri zikukuwa osayeza.

Chifukwa chenicheni cha khama lawo ndinachimva atamwalira kale, kwa Tiyamike. Anali ndi mlongo wawo, dzina lake Esinati, amene anagonekedwa pa chipatala china kwathu akubanika. Anamuika pa makina othandiza kupuma. Masana ena magetsi anazima, jenereta inalibe mafuta, ndipo pamene magetsi ankayaka Esinati anali atapita. Tsiku limenelo Bambo Mbewe anali pantchito ku Cape Town, m'siteshoni younikira mzinda wonse. Zaka zonse zimene anakangana ndi Bambo Mwangonde, nkhani imeneyi sanaitchulepo, ngakhale ikanawapambanitsa.

Koma chimene anthu a kuno amawakumbukira nacho si makalata kapena mikangano. Ndi nkhani ya Mayi Gondwe.

Mayi Elube Gondwe anali a m'kwaya, ndipo pa zochitika zonse za mpingo mandasi anali awo. Anawapeza ndi khansa ya chithokomiro. Atawachita opaleshoni, anawapatsa kapisozi wa ayodini wa cheza kuti akaphe zotsalira. Achipatala anawauza kuti kwa masiku angapo azigona okha, azidyera mbale zawozawo, asanyamule ana, asayandikire amayi oyembekezera. Iwo anatsatira zonse, ndipo mokoma mtima analemba pa gulu lathu kuti tisawayendere kaye. Wina anamva theka la nkhaniyo n'kuwonjezera theka lake. Posakhalitsa zinkamveka kuti Mayi Gondwe ameza nyukiliya, kuti wokhala nawo pafupi sadzabereka, kuti chilichonse chimene agwira chili ndi poizoni.

Patatha miyezi iwiri anabwerera kutchalitchi, ataonda, kampango kali m'khosi. Benchi imene anakhalapo inatsala yopanda munthu mbali zonse ziwiri. Mwana wina atathamangira kukawakumbatira, mayi ake anamukoka mkono mpaka analira. Beseni la mandasi linabwerera lodzaza. Mlungu wotsatira mtsogoleri wa amayi anawaimbira foni kuti ayambe apuma ku khitchini, ati pofuna kuteteza thanzi lawo. Mumpingo mwathu manesi tilimo ambiri. Tinkadziwa kuti zonsezi n'zabodza. Ine ndinkadziwa. Ndinkangoti zitha zokha, ndipo sindinkafuna kuyambana ndi amayi akuluakulu. Mayi Gondwe anasiya kubwera.

Lamlungu lina, tili mu holo kumwa tiyi, Bambo Mbewe analowa mochedwa, chinthu chimene sichinachitikepo. Pambuyo pawo panali Mayi Gondwe atanyamula beseni lovundikira ndi nsalu. Bambo Mbewe anali ndi kabokosi kachikasu kokhala ndi chingwe, kachipangizo kawo koyezera cheza. Analunjika kwa Bambo Mwangonde.

"Akulu a mpingo, ndikupempha mphindi zisanu."

"Si za magetsi anu zija?"

"Ayi. Lero ayi."

Bambo Mwangonde anaomba m'manja kuti tikhale chete. Bambo Mbewe anayatsa kachipangizoko, ndipo kanayamba kulira pang'onopang'ono: tiki… tiki… tiki tiki. Anthu ena anasuntha mipando.

"Uku mukumvaku ndi kulira kwa dziko lenilenili," anatero. "Nthaka, makoma, mlengalenga. Kunalipo musanabadwe. Tiyeni tiyambe ndi ine."

Anadziyeza pachifuwa ndi m'manja. Kulira sikunasinthe. Anayeza mimba ya Bambo Mwangonde, anthu n'kuseka pang'ono. Anayeza mtsogoleri wa amayi uja, amene anaima chilili ngati akumujambula. Kenako anatembenukira kwa Mayi Gondwe.

"Mayi, mundilole."

Mayi Gondwe anatula beseni, n'kumasula okha kampango kaja. Chipsera cha opaleshoni chinaonekera. Bambo Mbewe anayendetsa choyezera m'manja mwawo, m'mapewa, ndipo anachiimika pakhosi penipeni kwa nthawi yaitali. Tiki… tiki… tiki. Chimodzimodzi ndi enawo.

Atatero anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa envelopu. Munali kansalu koyera, kofewa, kangati kasokosi ka khanda.

"Ndani akukadziwa aka?"

Tonse a msinkhu wathu tinkakadziwa. Kanali kansalu ka nyali yopopa ija, imene inkaunikira m'magolosale ndi m'matchalitchi kwathu.

"Aka n'kakalekale, ndinakatenga m'golosale ya bambo anga."

Atangoyandikiza choyezera, chinachita phokoso ngati matalala padenga la malata. Azimayi awiri anaimirira. Wina anafuula kuti, "Mayo!"

"Khalani pansi, kali ndi cheza koma sikakuphani. Aka munkakagwira ndi manja. Ena a inu munkakasunga m'kabati pamodzi ndi shuga. Simunakathawe. Koma mayi awa mwawathawa miyezi iwiri." Mawu awo sanakwere. Anafotokoza kuti ayodini amene Mayi Gondwe anamwa mphamvu yake imatsika ndi theka pa masiku asanu ndi atatu alionse, ndipo wambiri thupi limatulutsa lokha masiku oyambirira. "Masamuwo muchite nokha, ambiri muno munapita ku koleji."

Anazimitsa kachipangizoko, anavundukula beseni, n'kutenga mandasi amodzi. Adokotala anali atawaletsa zamafuta, ndipo Tiyamike, amene anali kumbuyo, anawayang'ana ndi diso lofiira. Iwo anadya pang'onopang'ono, ali chiimire, holo yonse ikuwayang'ana. Woyamba kudzuka anali Bambo Mwangonde. Anatenga awiri.

"Mayi Gondwe, mutikhululukire. Talakwa." Kenako anacheukira mnzawoyo. "Koma pa za magetsi sindinagonje, a Mbewe."

Anthu anaseka, ndipo mmodzimmodzi anapita ku beseni mpaka linatha. Ena analira, ena anakumbatira Mayi Gondwe. Iwo sanalire. Anamanganso kampango kawo, anayankha aliyense mwaulemu. Ku kwaya sanabwererenso, ndipo chaka chisanathe banja lawo linasamukira ku Brisbane.

Tsiku limenelo Bambo Mbewe ndinawaperekeza ndine ku siteshoni ya sitima. Ndinkayembekezera kuti akhala okondwa, ndipo ndinawayamikira kuti achita zazikulu. Titadutsa maloboti awiri anatembenukira kwa ine.

"Nangozo, inu ndinu nesi."

"Eya, bambo."

"Munkadziwa."

"Ndinkadziwa, bambo."

"Nanga munali kuti?"

Sanadikire yankho langa. Anayang'ana kunja n'kunena, ngati akudzilankhula okha, kuti siteshoni ya nyukiliya siteteza ndi makoma okha. Imafuna anthu oti akaona kanthu anene, ngakhale wolakwayo ndi wamkulu kwa iwo. Anati ngati holo yodzaza anthu ophunzira ingakhale chete miyezi iwiri poopa kuyambana ndi amayi angapo, ndiye kuti mwina Mwangonde ali ndi mfundo. Potsika anandithokoza monga mwa masiku onse, n'kunyamula kabokosi kawo.

Kuchokera nthawi imeneyo sanandipatsenso kalata yoti ndiwerenge. Mikangano ya pa tiyi inapitirira, koma inali yaifupi, ndipo nthawi zambiri woyambitsa anali Bambo Mwangonde. Miyendo ya Bambo Mbewe inayamba kutupa, mpweya kuperewera. Anayamba kujomba Lamlungu limodzi, kenako awiri. Wina akawafunsa za nyukiliya ankayankhabe bwinobwino, kuti ndi magetsi oyera, kuti mafuta ake angabwezeredwe, kuti ngozi zake n'zochepa poyerekeza ndi utsi umene tinauzolowera. Maganizo amenewa sanawasinthe. Chimene chinawathera ndi chikhulupiriro choti adzaziona.

Ulendo womaliza kuwaona m'chipatala ndinapita ndi Bambo Mwangonde, masana a Lachinayi. Anali atatsamira mapilo atatu, timapaipi tili m'mphuno. Anayang'ana makina a mpweya pakhoma kwa kanthawi, kenako mnzawoyo.

"A Mwangonde, mwina munkanena zoona. Mwina sitinakonzeke."

"Musayambe zimenezo," anatero Bambo Mwangonde. "Mukagonja pano ine ndizikangana ndi ndani?"

"Sindinati ndagonja. Ndati sitinakonzeke. Kukonzeka amachita kuphunzira."

"Ndiye dzukani mukawaphunzitse."

Bambo Mbewe anamwetulira n'kutseka maso. Anati atopa, ndipo tinawasiya agone. Anamwalira patatha masiku atatu. Anali atauza Tiyamike kuti asavutike n'kutumiza thupi kwathu, awaike konkuno pafupi ndi mayi ake.

Nyumba ya ku Armadale yakhala yotseka chaka chonsechi, ndipo tsopano Tiyamike akuigulitsa. Titachoka kumanda Loweruka lija anandipempha kuti ndikamuthandize kumaliza kachipinda kakumbuyo, kamene bambo ake ankakatchula kuti ofesi. Ine ndinali ndisanalowemo. Tebulo ndi mashelufu anali atachotsa kale. Panatsala timaenje tinayi pa kapeti pamene panali miyendo ya tebulo, ndi fungo la mapepala akale. Pawindo pankaoneka mtengo wa ndimu, zipatso zitagwa n'kuolera pansi popanda wotola.

Pakhoma limodzi panali chigamba cha penti yosasuluka, chachitali chopyapyala, chodzaza timabowo ta mapini. Tiyamike anati pamenepo panali mapu a Malawi, ndipo pini iliyonse inali chipatala chaching'ono chimene bambo ake ankafuna kuti magetsi akafike koyamba. Mapuwo anawapinda n'kuwasunga. Wa kampani yogulitsa nyumba anali atanena kuti timabowoto titsekedwe anthu asanayambe kudzaona, ndiye Tiyamike anatsegula kachitini ka pulasitala, anandipatsa kampeni kamodzi, iye n'kutenga kena. Iye anayambira kumtunda, ine kumunsi, ndipo tinakumana chapakati. Tinatsegula windo kuti pulasitala iume. Mphepo yotentha inalowa, inagwedeza chingwe cha katani, ndipo m'chipindamo munalibenso china choti igwedeze.